Manja Angati Akwanira? Kupima Malamulo Ovotera a Okonda Star Wars

Temu yatha kalabu yathu yowerenga mabuku inatsala pang'ono kupasuka cifukwa ca voti imodzi. Timakumana Lacitatu lililonse masana, ndipo amene amabwera mosajomba ndi ana 14. Tinali ndi kandalama kamene makolo anasonkha, ndiye tinagwirizana kuti tivote: tigule mabuku asanu a nkhani zazifupi, kapena tibwereke pulojekita tionere filimu. Tsiku lovota litafika, m'kalasi munadzaza ana 43. Ambiri ndinali ndisanawaonepo pa kalabu ngakhale kamodzi. Manja atakwezedwa, filimu inapeza mavoti 31, mabuku 12. Ana anga a masiku onse anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditalonjeza kuti tidzatsatira zofuna ambiri, ndipo ambiriwo anali atakamba.

Anzake akutuluka, mtsikana wina wa Giredi 11 anatsalira. Ndi mwana wofatsa amene sakambakamba m'kalasi. Anati, "Ba Ticha, ndimwe mwalakwisa. Kwamene nimalemba ine pa intaneti, munthu wamene sanasebenzepo savota." Anandionetsa pa foni yake wiki ina yaing'ono ya okonda makatuni a ku Japan, n'kundiuza kuti ngati ndifuna kuona malamulo okhwima bwino ndikawerenge a okonda Star Wars. Usiku womwewo ndinayamba kuwerenga malamulo a Wookieepedia monga mmene ndimawerengera buku limene ndifuna kulipima. Ndakhala nawo milungu ingapo, ndipo maganizo anga ndi awa. Malamulowa ndi anzeru kuposa a makomiti ambiri amene ndakhalamo. Koma amayankha bwino funso laling'ono, lakuti manja angati akwanira, n'kusiya funso lalikulu, lakuti nyumba imene tikwezeramo manjawo ndi ya yani.

Kwa amene simunaionepo, wiki ndi buku la pa intaneti limene aliyense angathe kulembamo ndi kukonza zimene mnzake walemba. Wikipedia ndiyo yochuka kwambiri. Wookieepedia inayamba mu 2005, pamene anthu ena amene anali kulemba za Star Wars pa Wikipedia anaona kuti tinthu tating'onoting'ono ta m'nthanoyo sitikupatsidwa malo m'buku la dziko lonse. Anadzimangira lawo, n'kulipatsa dzina locokera kwa a Wookiee, mtundu wa Chewbacca, cimphona caubweya cija coyenda ndi Han Solo. M'bukumo muli tsamba la pafupifupi ciliconse: pulaneti lililonse, combo ciliconse, ngakhale munthu amene anangodutsa kumbuyo kwa wina kwa masekondi awiri. Olembawo salipidwa. Amacita zimenezi akaweruka ku nchito kapena kusukulu, cifukwa ca cikondi cabe.

Anthu ambiri akamalemba buku limodzi, mikangano siingasowe. Tsamba ili licotsedwe kapena likhale? Pamwamba paikidwe cithunzi citi? Mphekesera ya m'nyuzipepala ndi umboni? Ndani apatsidwe mphamvu yotsekera ena kunja? Zina mwa zimene anagwirizana n'zokoma. Mwacitsanzo, zonse za mkati mwa nthanoyo amazilemba ngati zinacitika kale, ngakhale filimu yake itatuluka dzulo, cifukwa nthanoyo imadzinena yokha kuti ndi ya makedzana. Zili ngati agogo akayamba ndi "panali panali": kucokera pamenepo aliyense adziwa nthawi imene tilimo. Koma kuti afike pa mgwirizano wotere, pafunika njira yothetsera mkangano, ndipo njirayo ndiyo ndikuipima pano.

Ndani avota

Lamulo loyamba ndi lija anandiuza mwana wa sukulu uja. Nkhani zikuluzikulu amazigamulira pa malo ochedwa Consensus track, ndipo kukhala ndi akaunti sikukupatsa voti kumeneko. Kwa zaka zambiri lamulo lakhala lakuti uyenera kukhala utakonzako masamba enieni a bukulo kokwana 50 m'miyezi 6 voti isanatsegulidwe. Wosakwanitsa angathe kunena maganizo ake, koma dzanja lake siliwerengedwa.

Nditawerenga izi ndinakumbukira manja 31 a m'kalasi mwanga, ndipo ndinabvomereza kuti pali nzeru. Pa intaneti munthu mmodzi angathe kutsegula maakaunti khumi. Munthu wa otsatira ambiri angathe kutumiza khamu lonse kuti likavote madzulo amodzi, mawa lake onse osaonekanso. Amene atsala ndi cigamulo ndi aja adzakonza masamba zikwi zambiri kuti agwirizane naco. Amayi athu a cilimba amadziwa zimenezi kalekale: amene sanaikemo ndalama sauza gulu kuti mwezi uno alandire ndani. Pakati pa anthu amene aliyense akulumbira kuti nthanoyi amaikonda kuposa mnzake, cinthu cokha cimene mungawerenge ndi nchito.

Bvuto lili pa cimene nambala 50 imawerenga. Imawerenga kuti wadina kangati. Munthu amene wakonza makoma ndi zilembo zolakwika 50 m'maola awiri ali ndi voti. Mnzake amene wawerenga mabuku 30 a Star Wars n'kulemba tsamba limodzi lalitali, kulisunga kamodzi, wawerengedwa kamodzi. Ife aphunzitsi timalidziwa bwino tsoka limeneli, cifukwa rejisita imatiuza amene anabwera koma siitiuza amene anamva. Ndipo pali wina amene saoneka n'komwe: wowerenga wamba, amene bukulo linalembedwera iye. Owerenga ndi miyandamiyanda, pamene ovota pa nkhani imodzi amakhala makumi ocepa cabe.

Tsopano taganizirani mnyamata wa ku Chawama amene amaidziwa nthanoyi pamtima. Ali ndi foni yokha, mabandulo ndi ogula tsiku ndi tsiku, ndipo Cizungu cake ndi ca kusukulu, moti ciganizo ciliconse amaciwerenga katatu asanacitumize. Mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, batire yocepa imene anali nayo sakanaithera pokonza tsamba la Boba Fett. Miyezi 6 ikadutsa motero, voti yapita. Palibe amene analemba lamuloli n'colinga cotsekereza iye. Koma cipata ciliconse cimakhala ndi msinkhu wa amene anacimanga, ndipo ici cinamangidwa ndi anthu a kompyuta ndi magetsi osazima. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Lamulo la 50 limateteza mudzi ku khamu lobwerekera, koma limalandanso kalumo kwa mlendo weniweni, amene akanaona zimene eni mudzi anasiya kuziona.

Onjezani apo kuti voti si yacinsinsi. Aliyense amasaina dzina lake la pa wiki pansi pa mbali imene wasankha, nthawi zambiri ndi cifukwa cake. Ubwino wake ndi wakuti palibe angabe mavoti, ndipo ungathe kusintha maganizo ukawerenga mfundo ya mnzako. Kuipa kwake aliyense amene anakwezapo dzanja pa msonkhano wa aphunzitsi, ahedi akuyang'ana, akukudziwa. Munthu amene mawa adzapima tsamba lako akuona mbali imene waima lero.

Manja angati

Lamulo laciwiri ndi la ciwerengero. Kupambana ndi voti imodzi sikukwanira kusintha lamulo. Payenera kukhala ovota okwana nambala inayake, ndipo mbali yofuna kusintha iyenera kuposa inzake ndi mpata waukulu. Ovota akacepa, mpatawo umakula, akaculuka, umacepako. Pa mlingo wina pamafunika obvomera awiri pa wokana aliyense. Zikapanda kukwana, amati palibe mgwirizano, ndipo zinthu zimakhala mmene zinalili.

Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa kuti malire a voti ndi nkhani yaikulu. Mu 2001 a Levy Mwanawasa anakhala pulezidenti ndi mavoti osakwana 30 pa 100 aliwonse. Kucokera mu 2016 malamulo a dziko amafuna kuti wopambana apose theka. Caka comweco, pa 11 August, tinavoteranso zosintha gawo la ufulu wacibadwidwe m'malamulo a dziko. Oposa 70 pa 100 a amene anavota anati inde, koma nkhaniyo inagwa, cifukwa lamulo linali kufuna theka la anthu onse oyenera kuvota. Amene anakhala pakhomo tsiku limenelo anawerengedwa ngati okana, ngakhale sanakane. Malire amavota nawonso, ndipo nthawi zonse amavotera zakale.

Pa wiki zili cimodzimodzi. Pamene pafunika awiri pa mmodzi, anthu 13 angafune kusintha, 8 n'kukana, ndipo opambana ndi 8 aja. Ndimamvetsa cifukwa cake. Buku la masamba oculuka motero silingasinthe kalembedwe mwezi uliwonse malinga ndi amene anali maso usiku wa voti. Lamulo limodzi likasintha, wina ayenera kudutsa tsamba ndi tsamba kukonza ndi manja. Kucedwetsa kusintha ndi njira yolemekezera thukuta la anthu.

Koma funso limene malamulowa sadzifunsa ndi ili: lamulo lakalelo linalowa bwanji? Mwina linabvomerezedwa zaka zoyambirira ndi anthu ocepa amene lero anakwatira, anasamuka, ndipo sakumbukiranso mau awo acinsinsi olowera. Iwo anacoka, koma dzanja lawo likali m'mwamba, ndipo limalemera kawiri kuposa la amene alipo. Timati tsobola wakale sawawa, koma pa wiki wakaleyo ndiye amawawa kwambiri. Ndikanakhala mmodzi wa iwo, ndikanapempha kuti lamulo lililonse lalikulu lizibwezedwa pa bwalo pakapita zaka zingapo, ndipo lizilumpha cingwe comweco cimene latsopano limalumpha. Lolephera kupeza anthu oliteteza lero silinayenere kulamulira lero.

Kuwerenga manja kapena kupima mau

Wikipedia, kholo la mawiki onsewa, imatsata njira ina. Kumeneko amalimbikira kuti mgwirizano si kuwerenga manja. Anthu amakambirana, ndipo pamapeto munthu wina amene sanatenge mbali amawerenga zonse n'kupima kulemera kwa mfundo. Anthu asanu a umboni angathe kugonjetsa makumi awiri amene angonena kuti sindikufuna. Izi zimafanana ndi bwalo la kumudzi, kumene aliyense amakamba mpaka mfumu itamanga nkhani.

Poyamba ndinaikonda njira imeneyi, cifukwa mphunzitsi aliyense amafuna kuti yankho la zifukwa lipose yankho la phokoso. Koma taonani zimene zinacitika kumapeto kwa 2012 ndi kuciyambi kwa 2013. Olemba Wikipedia anakangana ngati mau akuti "into" m'dzina la filimu ya Star Trek Into Darkness ayambe ndi cilembo cacikulu kapena cacing'ono. Analemba mau oposa 40,000 pa cilembo cimodzi. Ndiwo utali wa kabuku kathunthu. Pa mkangano wotero wopambana nthawi zambiri ndi amene satopa, amene alibe mwana wodwala kapena mayeso mawa. Ndiponso amene amamanga nkhaniyo amakhala ndi mphamvu yaikulu imene siioneka pa pepala.

Pa mfundo iyi ndiima ndi a Wookieepedia. Kuwerenga manja n'kouma, koma n'koona mtima. Aliyense amadziwa nambala yofunika voti isanayambe, ndipo wogonja angathe kuwerenga yekha n'kuona kuti sanaberedwe. Iwo anatenga mau akuti mgwirizano kwa kholo lawo, koma pansi pake anaikapo masamu. Ndi bwino kunena poyera kuti tikuvota kusiyana ndi kuvota uku tikukana kuti si voti.

Zimene manja sangagamule

Pali zinthu ziwiri zimene zinandionetsa pamene mphamvu ya manja imathera. Coyamba ndi nthanoyo. Mu 2012 kampani ya Disney inagula Lucasfilm, eni a Star Wars. Mu April 2014 analengeza kuti mabuku, makomiki ndi masewera ambiri amene analembedwa m'zaka zapitazo salinso mbali ya nthano yeniyeni, n'kuwapatsa dzina lakuti Legends. Mabuku okondedwa monga Heir to the Empire la Timothy Zahn, la mu 1991, anakankhidwira pambali tsiku limodzi. Chewbacca anali atafa m'buku la Vector Prime la mu 1999. Mu filimu ya The Force Awakens ya mu 2015 anatulukira wamoyo. Olemba wiki sanafunsidwe. Cimene akanagamula ndi kasungidwe cabe, ndipo apa anacita bwino kwambiri: sanataye kanthu. Tsamba la munthu ngati Chewbacca lili ndi mbali ziwiri, ina ya nthano yobvomerezeka, ina ya Legends, ndipo wowerenga amasankha yekha. Wolemba mbiri wabwino amatero, amasunga zonse ziwiri n'kunena poyera imene mwini nthano akuibvomereza. Koma dziwani kuti anthu amene amaidziwa nthanoyi kuposa wina aliyense alibe voti pa zimene zinacitika m'menemo.

Caciwiri ndi colemera kwambiri. Wookieepedia ili ndi masamba a anthu enieni amene anagwira nchito pa Star Wars: olemba, ojambula, osewera. Mwambo unali wakuti munthu azilembedwa ndi dzina limene linasindikizidwa pa nchito yake. Wojambula wina wa transgender, ndiko kuti munthu amene amadzidziwa mosiyana ndi mmene anamuwerengera pobadwa, anali atasintha dzina, ndipo anapempha kuti lakale licotsedwe. Mu March 2021 nkhaniyi inapita ku voti. Okana anali kunena kuti buku la mbiri liyenera kusunga zimene zinasindikizidwa. Obvomera anali kunena kuti munthu wamoyo si combo ca m'nthano. Nkhaniyi inafala pa Twitter, koma ambiri amene inawakhudza analibe voti cifukwa ca lamulo lija la 50. Voti isanathe, kampani ya Fandom, imene imasunga wikiyo pa makina ake, inalowererapo. Inaimitsa voti, n'kunena kuti kuchula munthu wotero ndi dzina lake lakale n'kuphwanya malamulo a kampaniyo. Pasanapite nthawi inacotsanso awiri mwa oyang'anira wikiyo.

Ndikudziwa kuti owerenga magazini ino ali ndi maganizo osiyanasiyana pa nkhani ya transgender, ndipo sindinabwere kudzagamula imeneyo. Ndikufunsa cabe za voti. Kwathu mkazi akabereka timayamba kumuitana kuti Amake Dalitso, ndipo mwana amene angamuitane ndi dzina la paubwana amadzudzulidwa. Sitiitana komboni yonse kuti ikweze manja pa dzina la munthu amene waima pamaso pathu n'kutiuza mmene afunira kuitanidwa. Dandaulo la osunga mbiri linali ndi mfundo yake, koma linali la kalembedwe. La wojambulayo linali la moyo wake. Malamulo amene anali atalongosola bwino lomwe za manja angati analibe mzere wonena kuti izi sitivotera. Kusowa kwa mzere umenewu ndiko colakwika cacikulu cimene ndinapeza m'malamulowa.

Nyumba ya lendi

Komabe mmene nkhaniyo inathera zikundisowetsa mtendere. Ndikuganiza kuti Fandom inagamula bwino tsiku limenelo. Koma inagamula popanda voti, ndipo aliyense anaona kuti ikanatha kugamula mwa mtundu wina uliwonse. Fandom, imene kale inali kuchedwa Wikia, inayambitsidwa mu 2004 ndi Jimmy Wales ndi Angela Beesley. Ndi kampani yofuna phindu, ndipo ndalama zake zimacokera ku malonda amene amaikidwa pa masamba olembedwa mwaulere ndi okonda nthano. Olembawo ali ndi malamulo, makomiti ndi masamu a voti, koma makiyi ali ndi wina.

Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya lendi ku Kanyama kapena ku Mtendere akuidziwa nkhani imeneyi. Alendi mungathe kugwirizana za tsiku losesa pabwalo ndi za amene asunge kiyi wa pompi, ndipo mgwirizanowo ndi weniweni. Koma ba landilodi akafuna kumanga kantemba pakhomo panu, safunsa manja. Nyumba ya mwini saochera mbewa.

Voti yaikulu imene alendi ali nayo ndi kusamuka, ndipo ena anasamukadi. Olemba wiki ya masewera a RuneScape anacoka mu 2018. A Minecraft anacoka mu September 2023, akudandaula za kuculuka kwa malonda ndi kucepa kwa ulamuliro pa nchito yawo. Anatha kutero cifukwa zolemba za pa mawikiwa zili ndi cilolezo colola aliyense kuzikopera. Koma kusamuka kumeneku n'kwacilendo. Mumanyamula katundu yense, koma katundu yemweyo amatsalanso m'nyumba yakale, cikwangwani ca dzina lanu cikali pakhomo, ndipo alendo ofufuza pa Google ambiri amapitabe komweko. Pamatenga nthawi kuti anthu adziwe kumene munapita.

Cimene cinandiseketsa, kenako n'kundiganizitsa, ndi maina amene okonda Star Wars anapatsa mabwalo awo. Pokambirana nkhani wamba amati Senate Hall. Pogamula za kucotsa tsamba amati Trash compactor, dzina la cipinda cophwanyira zinyalala cimene Luke ndi anzake anagweramo mu filimu ya mu 1977. Komiti yopima masamba abwino koposa ndi Inquisitorius, amene m'nthanomo ndi osaka a Jedi otumidwa ndi ufumu wankhanza. Msonkhano wawo waukulu anaupatsa dzina lakuti Mofference, kucokera kwa a Moff, abwanamkubwa a ufumu womwewo. Ndi nthabwala, inde. Koma anthuwa amadziwa bwino kuti mafilimu atatu a pakati pa 1999 ndi 2005 ndi nkhani ya nyumba ya malamulo imene inadzipha yokha motsatira ndondomeko. Mu woyamba, Mfumukazi Amidala apempha voti yocotsa mtsogoleri Valorum, ndipo Palpatine alowa. Mu waciwiri, Jar Jar Binks, wopusa koma wamtima wabwino, apempha kuti Palpatine apatsidwe mphamvu zapadera. Mu wacitatu, Palpatine alengeza ufumu ndipo nyumba yonse iomba m'manja. Nthano imene amaisunga imawacenjeza kuti ndondomeko ingathe kutsatidwa bwino lomwe pamene mphamvu yeniyeni inasamukira kwina. Ndikanakonda kuona cenjezo limeneli litalembedwa pamwamba pa malamulo awo.

Ndalemba zonsezi cifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu muli kale m'magulu otere. Muli m'magulu a WhatsApp a olemba ndakatulo, a okonda mpira, a oonera makatuni. Tsiku lina ena mwa inu adzafuna kusonkhanitsa zimene zikudziwika za nyimbo za Zamrock, za nthano za pa wailesi za a Julius Chongo, kapena za Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema imene inatuluka pa Netflix mu 2023 ndipo imacitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Nchito imeneyi palibe wina adzaticitira. Mukadzayamba, mkangano woyamba udzabwera msanga kuposa mmene muganizira, ndipo mukadzadikira kuti ubwere kaye ndiye mulembe malamulo, aliyense adzawalemba moyang'ana mbali yake. Tengani kwa a Wookieepedia zimene anakhoza: voti ya ogwira nchito, nambala yodziwika pasadakhale, kusataya zolemba za ogonja. Onjezani zimene anaiwala: njira yaciwiri yolowera ya amene alibe magetsi, tsiku lothera lamulo lakale, mndandanda wa zosavoteredwa, ndi dzina la mwini makiyi.

Ku kalabu kwathu filimu ija tinaionera, cifukwa lonjezo ndi lonjezo. Mwa ana 29 acilendo aja, atatu anapitiriza kubwera, ndipo mmodzi wa iwo ndiye amawerenga mokweza bwino kuposa onse. Sabata yotsatira tinakhala pansi n'kulemba malamulo athu. Wovota ayenera kukhala atabwera kanayi pa misonkhano 6 yapitayo. Kusintha mwambo kumafuna awiri pa atatu aliwonse. Lamulo lililonse limatha caka cikatha. Dzina la munthu, citundu cake ndi kumene amakhala sizivoteredwa. Mzere woyamba ndinaulemba ndekha: cipinda cino ndi ca sukulu, ndipo ahedi angathe kucitseka. Mtsikana uja anakopera zonse m'kope lake n'kupita nalo kunyumba, ati mwina tsiku lina tidzasamuka.

Patangopita mwezi, lamulo lathu loyamba linaluma munthu. Pali mnyamata wina, mmodzi wa 14 aja, amene amayi ake anadwala, ndipo tsopano Lacitatu masana amakhala pa kantemba kugulitsa. Mabuku amabwereka kudzera mwa mnzake ndipo amawamaliza tonse tisanafike pakati. Wajomba misonkhano itatu, ndiye voti alibe. Mnzakeyo wapempha kuti amene watumiza tsamba limodzi lolemba maganizo ake pa buku aziwerengedwa ngati wabwera. Pempholi tidzalivotera Lacitatu likubwerali. Lifunika awiri pa atatu, ndipo mwini nkhaniyo sadzaloledwa kukweza dzanja.